Dzino la a Banda

Dzino la a Banda ndinaligulula ndine. Palibe chobisa apa, chifukwa zinachitika masana dzuwa likuswa mtengo, pageti la eni ake ku Area 10, alonda a mipanda yoyandikana akuonerera. A Banda ndi amuna a mlongo wanga Esinati. Pageti pomwepo ndi pamene panali ntchito yawo, ndipo kuseri kwa mpanda womwewo kunali kanyumba kamene ankagonamo ndi ana. Chibakera changa chinagwedeza zonsezo nthawi imodzi.

Koma nkhaniyi inayambira ku Joni.

Nditamaliza Folomu 4 ndinakhala zaka ndikukonza mawailesi ndi mafoni pafupi ndi msika waukulu wa Lilongwe, mpaka ndinatopa ndi kukangana ndi anthu ofuna kukonzeredwa zinthu mwaulere. Ndinakwera basi. Amayi anandiperekeza mpaka kudepoti, ndipo mawu awo otsiriza sanali a madalitso. Anati ndikakafika kwa eni ake ndizikayamba ndameza malovu ndisanayankhe munthu. Ankandidziwa. Mtima wanga ndi wapachala kuyambira ndili mwana.

Ku Joni ndinayamba ndi zimene aliyense amayamba nazo. Ndinatsuka magalimoto, ndinadula kapinga, ndinathawa apolisi ofunsa mapepala mpaka nsapato kutsalira mumsewu. Ndinkagona m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu, pamodzi ndi Daisoni, mnzanga wa ku Mitundu. Nyengo yozizira tinkagona titavala majekete ndi zipewa, misana itagundana. Daisoni anali munthu woseka. Ndikabwera ndikutukwana bwana, iye ankangonditambasulira mbale n'kunena kuti ndiyambe ndatukwana nyemba, bwanayo sathawa. Iyeyo ndi amene anandipezera ntchito kwa munthu wina woyala mawaya m'maofesi, ndipo kuchokera kumeneko tonse awiri tinalowa m'nyumba ya maseva.

Anthu kuno akamva zimenezi amayesa ndinali katswiri wa makompyuta. Ayi. Ine ndinali manja. Nyumbayo inali chiholo chachikulu chopanda mazenera, chozizira ngati mochale, chodzaza ndi makompyuta akuluakulu osanjikizana m'mashelefu achitsulo. Amenewo ndiwo maseva. Ntchito yathu inali kuwanyamula, kuwakhoma, kulumikiza mawaya ndi kusolola ofooka. Oganiza ankakhala m'chipinda cham'mwamba. Wotiyang'anira anali mayi wina wa ku Zimbabwe, wamfupi, wosakweza mawu. Tinkangomuti Sisi.

Sisi sankafuna munthu wogwira chinthu chimene sakuchidziwa, ndiye anatiphunzitsa. Maseva aja sagwira ntchito iliyonse payokha. Amakhala m'gulu, ndipo amagawana mafunso malinga ndi mmene aliri m'gulumo. Kumbuyo kwawo kuli nkhokwe yaikulu kumene kumakhala zoona zonse, koma kuthamangira kunkhokwe pa funso lililonse n'kuchedwa. Ndiye seva iliyonse imasunga pafupi mayankho a mbali yake, monga wogulitsa pamsika amasungira mitengo ya katundu m'mutu. Zosunga pafupizo amati kashe. Daisoni atamva koyamba maso anawala, ankayesa m'makinamo muli ndalama.

Vuto limabwera gulu likasintha. Seva ina ikachoka, zotsalazo zimagawana mbali yake. Ina ikalowa, zimagawananso mwatsopano. Funso limene dzulo linkapita kwa iyi, lero likupita kwa iyo, ndipo zimene iliyonse inasunga zimayamba kuola. Ziyenera kutayidwa, itengenso zatsopano kunkhokwe. Koma yoopsa kuposa zonse ndi seva imene inachoka n'kubwerera. Sinafe, sinazime, inangoduka kwa anzake. M'mutu mwake mukadali zonse za tsiku limene inaduka, ndipo kwa iyo zimenezo ndiye zoona. Mukailumikiza sizengereza. Imayankha msanga kuposa zonse, ndipo imanama ndi mtima wonse, osadziwa kuti ikunama.

N'chifukwa chake lamulo linali lakuti waya wa seva yobwerera sulumikizidwa usanaimbire Sisi. Iye ankayamba waikhuthula m'mutu, n'kudziwitsa gulu lonse kuti mwabwera wina, kenako n'kuisiya kanthawi ili chete, ikungomvera. Pambuyo pake m'pamene ankailola kuyankha.

Tsiku limene anafotokoza zimenezi ndinaseka, n'kumuuza kuti kwathu zimenezo timazidziwa kale, timati malonje. Ndinamufotokozera kuti munthu akabwera kuulendo sitimuuza nkhani ali chiimire. Timamuyalira mphasa, timamupatsa madzi, iye anene za kumene wachokera, ife timuuze zimene zachitika iye kulibe, kuyambira zazing'ono kukathera zazikulu. Asanamve malonje sayankha mlandu uliwonse. Sisi analikonda liwulo. Kuyambira pamenepo ankati akafuna kutiimitsa, pawailesi yam'manja pankangomveka kuti malonje, malonje. Mpaka anyamata a Chizulu analizolowera. Ndinkanyada nazo. Liwu la kwathu, lobwera ndi ine, likugwira ntchito m'nyumba ya makina ku Joni.

Za kumudzi ndinkazimvera pagulu la pafoni la banja lathu. Esinati anakwatiwa ine nditachoka kale. Mwamunayo ndinangomva kuti ndi a Banda, ndipo ndinamuona pachithunzi chimodzi chokha cha ukwati, atavala chipewa ndi magalasi akuda. Foni ya chithunzicho inabedwa m'sitima. Tsiku lina Esinati ananditumizira mawu akulira, akulankhula ngati ali ndi madzi m'kamwa. A Banda anamumenya ataledzera, mlomo unang'ambika. Ndinamvetsera mawuwo ndili pakati pa mashelefu, mafani akulira mbali zonse, ndipo ndinalumbira kuti tsiku limene ndidzaponde Lilongwe, ndisanamwe ndi madzi omwe, munthu ameneyu adzalavula mano.

Nyengo yomweyo panabuka nkhani ya malata. Ndinatumiza malata pabasi kuti akafolere nyumba ya amayi. Patapita nthawi ndinaona pachithunzi kuti malata anga ali padenga la mng'ono wanga. Sindinafunse. Ndinatukwana gulu lonse, kuyambira amalume mpaka ana, ndinawatchula akuba ndi afisi, n'kutulukamo. Wina aliyense amene anayesa kuimba ndinamutsekera. Mawa lake ndinagula nambala ina. Ndinkati ndiwalange mwezi umodzi kapena iwiri. Koma mkwiyo ukakhalitsa umasanduka manyazi, ndipo manyazi salola munthu kuimba foni. Zaka zinadutsa.

Panatsala chingwe chimodzi chondilumikiza ndi kwathu, Daisoni, chifukwa mkazi wake ankapemphera mpingo umodzi ndi amayi anga aang'ono. Nachonso ndinachidula ndekha.

Zinachitika chonchi. Seva ina ya m'gulu losunga mipando ya kampani ya mabasi inaduka kwa anzake, waya wake utasololoka kuseri kwa shelefu. Inakhala masiku ili yoyaka, yokhayokha. Am'mwamba ankadziwa, ankadikira tsiku loikonza. Daisoni akudutsa anaona waya ukulendewera, ndipo mwa mtima wake wabwino uja anaubwezera. Sanaimbe. Seva ija inalowa m'gulu ndi nkhani zake zakale n'kuyamba kugulitsa mipando imene inagulidwa kale. Tinamva kuti kudepoti anthu anagwirana m'makosi, awiri tikiti ya mpando umodzi, mayi wina wopita kumaliro anatsala. Sisi anatiitana tonse, ndipo sanakalipe. Anangofunsa kuti ndani walumikiza. Daisoni anakweza dzanja.

Wokalipa ndinali ine. Tili kodyera, pamaso pa anthu a mitundu ina, ndinamutcha mbuzi ya ku Mitundu. Ndinati wachititsa manyazi Amalawi onse. Iye anayesa kuseka monga mwa nthawi zonse, ndipo kusekako kunandiwonjezera moto. Ndinamuwomba mbama.

"Mlendo sayankha mlandu asanamve malonje," ndinatero. "Ngakhale mwana wa kwathu amadziwa zimenezi. Iwe unakulira kuti?"

Ntchito sanamuchotse, koma sabata yomweyo anatuta zovala zake m'kachipinda kathu. Pambuyo pake anapita ku Kepi. Patapita chaka kapena kuposerapo anayamba kundiimbira. Ndikaona dzina lake ndinkadula. Anayesa ndi nambala ya munthu wina, ndipo ndinangomva kuti, "Achimwene, musadule, kwathu kuja," ine n'kudula. Ndinkati amutuma a malata aja.

Ntchito inatha pamene kampani inabweretsa makina atsopano odzipatsa okha malonje. Manja ngati anga anachepa ntchito, mapepala anga nawo anatha, mawondo anayamba kudandaula ndi kuzizira kuja. Ndinalongedza m'matumba amizeremizere aja n'kukwera basi. Sindinauze munthu.

Tinafika mu Old Town m'mawa. Tauni inali itasintha, misewu ina yotakata, njinga zamoto za kabaza paliponse ngati njuchi, koma fungo la pamsika linali lomwe lija. Ndinalunjika kumene amayi aang'ono, ang'ono awo a amayi anga, amagulitsira zitenje. Atandiona anaika manja pamutu n'kuyamba kulira. Ndinayesa n'chimwemwe. Anachotsa mulu wa nsalu pakampando, anakapukuta ndi chitenje chawo, n'kutuma mnzawo kuti akagule madzi. Ine ndinangotula matumba.

"Esinati ali kuti?"

"Khala pansi, mwana wanga, tilonjerane."

"Ndafunsa za Esinati. Akadali ndi a Banda?"

"Ali ndi a Banda, ee, ku Area 10 kumene amagwira ntchito. Koma iwe khala pansi kaye."

Anandigwira shati. Ndinawachotsa dzanja, osati mwaulemu, n'kuwauza kuti andisungire katundu, ndikubwera. Ndinawamva akundiitana ndi dzina langa laubwana mpaka ndinatuluka mumsika. Kampando kaja ndimakaonabe m'maso, kopanda munthu, kopukutidwa bwino.

Ndinakwera minibasi mpaka ku City Centre, kenako njinga yamoto. Ku Area 10 kuli zii. Mipanda italiitali, mitengo, agalu ouwa osaoneka. Ndinayamba kufunsa alonda m'mageti za a Banda. Mlonda wina wachikulire anaseka n'kundifunsa kuti a Banda ake ati, popeza msewu umenewo wokha a Banda analipo okwana kwaya, iye yemwe anali Banda. Mawu amenewo akanayenera kundiimitsa. Ine ndinangoti amene mkazi wawo ndi Esinati. Anandilozera geti lobiriwira.

Ndinagogoda. Anatsegula kachitseko kakang'ono bambo wamfupi, wa imvi m'mbali, atavala majombo, paipi yothirira maluwa ili m'manja. Ndinamufunsa ngati ndi a Banda, amuna a Esinati. Anandiyang'ana, nkhope yonse n'kuwala.

"Ndine. Inu ndiye alamu a ku Joni, eti? Nkhope ndi ya Esinati yeniyeni. Takulandirani."

Anaponya paipi pansi n'kutambasula manja onse awiri kuti andipatse moni. Chibakera chimene ndinachisunga zaka zonse zija chinawapeza pakamwa ali chisekerere. Anagwera pageti, chitsulo chinalira msewu wonse. Ndinawonjezera china ali pansi. Sanabwezere. Anangophimba kumutu, paipi ija ikuthira madzi pamagazi.

Nthawi yomweyo galimoto ya adona, eni nyumba, inakhota kuchokera kumsewu. Inali nthawi ya nkhomaliro, ndipo anali atatenga ana awo kusukulu. Anawo anayamba kukuwa m'galimoto. Alonda anathamanga n'kundigwira manja. Kenako Esinati anatulukira kuseri kwa nyumba, mwana ali kumbuyo. Anali atanenepa, atakula, nkhope ngati ya amayi. Anayang'ana amuna ake, anayang'ana ine. Sanakuwe.

"Achimwene, a Banda amene mukuwafunawo anapita kalekale. Awa ndi ena."

Dzina lomwelo, munthu wina. Ine amene ndinkaphunzitsa Azulu za malonje.

Adona anatsika m'galimoto. Sanalankhule nane. Anauza a Banda kuti iwo analemba mlonda kuti pageti pakhale mtendere, osati kuti abale ake azidzakhetsa magazi pamaso pa ana. Anati mwezi ukatha apeze kwina. Ankafuna kuitana apolisi, koma a Banda, atagwira pakamwa ndi mpango, anawapempha kuti asatero, ndi nkhani ya pabanja. Atatero anawerama, anatola dzino lawo pasimenti n'kuliika m'thumba la ovolosi. Anauza Esinati kuti akayale mphasa, alamu abwera kutali.

Ndinakana. Ndinati ndipite. A Banda anati ayi, mlendo sabwerera pageti.

Tinakhala m'kanyumba kawo kuseri kwa nyumba yaikulu. Zipinda ziwiri, magetsi, mpopi pakhomo, kadimba ka mpiru m'mbali mwa mpanda. Esinati anandiikira madzi patsogolo osandiyang'ana, n'kukakhala pakhomo atandifulatira. A Banda anandifunsa za ulendo. Ndinayankha mawu awiri atatu. Ndiye anayamba malonje awo, mlomo ukutupa, mawu akutuluka ndi kamluzu pampata wa dzino lija. Sanafulumire, sanadumphe kanthu.

Anayamba ndi mvula ndi chimanga cha kumudzi. Anatchula ana amene anabadwa, ndi amene analowa sekondale. Anafika pa a Banda oyamba aja. Anati ankhoswe anakhala pansi chaka chomwe ndinatuluka pagulu, banja linatha, munthuyo anapita kumaesiteti a fodya ndipo sanamvekenso. Iwo anali atafedwa mkazi, anakumana ndi Esinati kutchalitchi, anamutenga pamodzi ndi ana ake. Anati nkhani ya mfunda wofananawo anthu anaseka nayo kwambiri pachinkhoswe, ankati Esinati safuna kuvutitsa ana kuzolowera dzina lina.

Anafika pa malata. Anati anafoleradi nyumba ya mng'ono wanga, chifukwa amayi miyendo itayamba kuwavuta anasamukira kumeneko, ndipo ndi amayi eni ake amene ananena kuti malatawo aikidwe pamene iwo akugona. Zimenezi abale anazilemba pagulu tsiku lomwe ndinatukwana lija, koma ine ndinali nditatuluka kale.

Pamenepo anaima. Anapukuta pakamwa, anayang'ana mpango, anaupinda. Esinati pakhomo paja anayamba kugwedezeka mapewa. Ndinadziwa asananene. Ndinadziwanso chifukwa chake amayi aang'ono anapukuta kampando kaja.

Anati amayi anadwala nthawi yaitali. Iwo ndi Esinati anawatenga kumudzi kudzakhala nawo m'nyumba momwemo kuti akhale pafupi ndi chipatala. A Banda ndiwo ankawabereka kumsana kuchoka pamphasa kukafika pageti, ndipo adona omwewo ankabwereketsa galimoto. Anamwalira nyengo ya dzinja, zaka zingapo zapitazo, ndipo anakawaika kumudzi. Anayesa kundipeza kudzera mwa Daisoni mpaka tsiku loika.

"Ankakutchulani," anatero a Banda. "Ankati, mwana ameneyu akadzabwera, mudzamukhazike pansi kaye. Musadzamuuze kanthu ali chiimire."

Sindikumbuka kuti ndinatuluka bwanji m'nyumbamo.

Kumanda ndinapita, mng'ono wanga anandilozera, ndinagona pansi pa malata anga omwe aja. Koma amayi anali atapita, palibe chimene ndikanakonza. Chimene chinali chisanapite ndi ntchito ya a Banda, ndipo mwezi unali ukutha. Ndinabwerera m'tauni ndi mtima umodzi, woti ndikagwade kwa adona.

Ankagwira ntchito muofesi ina ya nsanjika ku City Centre. Ndinavala jekete yanga ya ku Joni. Wolandira alendo, mtsikana wa zikhadabo zazitali, anandikhazika pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akundiuza kuti adona ali pamsonkhano, ine ndikuwaona pagalasi akumwa tiyi. Kale ndikanagubuduza tebulo lake. Tsiku limenelo ndinameza malovu mpaka kukhosi kuuma.

Atandilola kulowa sindinakhale pampando. Ndinanyonyomala pafupi ndi chitseko ngati mkamwini. Ndinawauza kuti a Banda alibe mlandu, sanandiitane, sankandidziwa n'komwe. Ndinati ngati akufuna andimangitse ineyo, ndikagone kupolisi, ndipo sindidzapondanso msewu wawo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Sanali mayi woipa, zimenezi ndiyenera kunena. Anati a Banda akhala nawo zaka zambiri, sanasowetsepo ngakhale supuni, ndipo amayi anga ankawadziwa, anapita nawo kumaliro. Koma mwana wawo wamng'ono kuyambira tsiku lija amakana kutsika m'galimoto pageti, ndipo bambo a m'nyumba analankhula kale ndi kampani ya alonda.

Ndinati nanga munthu wabwino chonchi alangidwe chifukwa cha ine?

"A Banda ndi munthu wabwino," anatero. "Koma ali ndi inu."

Ndinafuna kuyankha. Mawu anafika pakamwa, otentha, okonzeka. Koma ndinafufuza bodza m'zimene ananenazo ndipo sindinalipeze. Ndinathokoza n'kutuluka.

Mwezi utatha tinasamutsa katundu kupita ku Kauma. Chipinda chimodzi, madzi okagula pampopi wa anthu onse, chimbudzi chogawana ndi mabanja ena. Ndinanyamula bedi ndi matumba a makala ngati bulu, ndikuyembekeza kuti wina andikalipira kuti mtima upepuke. Palibe anandikalipira. Esinati anazula mpiru wake wosakhwima m'kadimba kaja, anaumanga m'chitenje, n'kudutsa pafupi nane ngati akudutsa mtengo. Ana anasintha sukulu. Wamkulu, amene ankawerenga ndi magetsi, tsopano amawerenga ndi tochi ya foni.

Ine ndinabwerera pamene ndinayambira, pabenchi yokonzera mafoni pafupi ndi msika. Zimene ndimapeza timagawana ndi a ku Kauma, koma nyumba ya mpopi pakhomo sindingaibweze. Daisoni ndinamuimbira. Anamvetsera zonse, sanaseke, ndipo kusaseka kwakeko kunandipweteka kuposa mbama. Mng'ono wanga anandibwezera pagulu la banja. Ndilimo, koma sindilembamo kanthu. Ndimangowerenga. Esinati amandipatsa moni wa mawu awiri, ndipo sindimuumiriza.

A Banda anapeza ulonda pasitolo ina ya zitsulo mu Old Town momwemuno. Malipiro ndi ochepa, nyumba palibe, amakhala pakatoni pakhonde. M'mawa akaweruka amadutsira pabenchi yanga. Ndinawagulira kampando kawokawo. Amakhala, amavula chipewa, n'kuyamba malonje, ngakhale tinaonana dzulo lomwe. Amandiuza kuti mwana wakhosomola, kuti kumudzi mbuzi yaswa, kuti Esinati wayamba kugulitsa mandasi. Sadumpha kanthu. Kaya amatero mwa chikhalidwe chawo, kaya ndi njira yawo yondilangira, sindidziwa, ndipo sindinafunsepo. Ndimaika foni ya kasitomala pansi n'kumvetsera kamluzu kaja mpaka amalize.

Tsiku lina ndinalimba mtima. Ndinawauza kuti ndafunsa kwa adokotala a mano, angathe kuwaikira lina loti munthu sangalizindikire, ndipo zonse ndilipira ine. Anagwira pampata paja ndi lilime, anaganiza pang'ono, n'kupukusa mutu.

"Lisiyeni choncho, alamu. Ku Joni kuli anthu ambiri. Wina akadzabweranso osakhala pansi, adzangoona pakamwa n'kudziwa kuti Banda uyu anamenyedwa kale."

Anaseka, anavala chipewa, n'kupita kukakwera minibasi ya ku Kauma. Ine sindinaseke.